Yobadwira ku Japan, Yokulira ku Mitundu

Galimoto zambiri zimene zimatuta anthu ndi katundu pakati pa Mitundu, Dickson, Malingunde, Nathenje ndi mzinda wa Lilongwe zili ndi mbiri ziwiri. Yoyamba ili mu bulubuku: kampani imene inapanga galimotoyo, nambala ya injini ndi ya chesesi, mtundu wa penti, kuchuluka kwa mipando ndi kulemera kumene ingasenze. Yachiwiri inalembedwa ndi moto wa wowotcherera. Imaoneka pa masipuling'i owonjezera, pa zitsulo za m'mbali zofika m'chifuwa mwa munthu woimirira, pa mzere wa mipando umene unapanikizidwa pamene panali malo a miyendo, ndi pa kaliyala wa padenga amene eni fakitale ku Japan sanamulotepo.

Masiku ambiri kusiyana kwa mbiri ziwirizi sikudetsa nkhawa munthu aliyense. Fodya amafika ku Kanengo, tomato ndi kachewere zimafika ku Wakawaka, mayi wodwala amafika ku chipatala cha Mitundu. Nkhani imadzakula tsiku la ngozi, pamene wapolisi wa trafiki, kampani ya inshuwalansi ndi bwalo la milandu onse afuna kudziwa ngati galimoto yagona chagadayo ndi yomwe ija inalembedwa pa pepala.

Luso lokonzanso galimoto kuti igwire ntchito imene sinapangidwire lakhala m'dera lino zaka pafupifupi 100, ndipo linabwera ndi fodya.

Fodya ndiye anaitana lole

Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe, inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922. M'zaka zomwezo chigwa cha kummawa kwa mapiri a Dzalanyama chinayamba kusintha. Azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W.J. Wallace, amene anatsegula minda m'boma la Lilongwe kuyambira mu 1920, anayamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa n'kumadzagula masamba ake. Alimi anachuluka mofulumira moti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo.

Vuto linali mtunda. Ogula aakulu anali ku Limbe, makilomita oposa 300 kummwera, ndipo okushoni ya kumeneko inatsegulidwa mu 1938. Njanji inafika ku Salima mu 1935, koma ku Lilongwe inadzafika mu 1979. Mitu ya amtengatenga sikanatha kusenza fodya yenseyo. Choncho njira yodzera pa Nathenje, Dedza ndi Ntcheu inasanduka njira ya malole.

Malole ambiri a nthawi imeneyo ankabwera m'dziko muno asanathe kupangidwa: chesesi, injini, mawilo ndi chiongolero. Bodi ankaikhoma konkuno akalipentala, ndi matabwa, molingana ndi katundu amene mwini lole ankafuna kunyamula. Kuyambira pachiyambi penipeni, galimoto ya katundu inali chinthu chomalizidwa ndi manja a kuno. Ndipo lole ikatsitsa fodya sinkabwerera yopanda kanthu. Inkasenza mchere, nsalu, parafini ndi sopo za m'masitolo a amwenye, pamwamba pa katunduyo n'kukhala anthu amene apatsa dalaivala kangachepe.

Mabasi enieni anayamba ndi kampani ya Nyasaland Transport Company mu 1947, imene pambuyo pa ufulu inadziwika ndi dzina la United Transport Malawi, UTM. Koma basi inkatsata misewu yowerengeka, pa nthawi yake, ndipo njira zina za kumidzi inkazisiya mvula ikagwa. Munthu wa m'mphepete mwa Dzalanyama wofuna kukafika ku boma ankadalirabe miyendo, njinga, kapena lole imene yadutsa.

Ngolo, mwana wa galimoto yakufa

Mu 1968 boma linayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank. Chinalambula misewu ya kumidzi, chinakumba mijigo, chinamanga misika, chinapereka ngongole za zipangizo za ulimi, ndipo chinatsegula famu ya ng'ombe ku Dzalanyama. Bunda College inali itangotsegulidwa kumene pafupi ndi Mitundu. Mu 1971 kunabadwa ADMARC, ndipo mlimi aliyense anafunika njira yofikitsira chimanga, mtedza ndi fodya pa sikelo.

Njirayo inali ngolo. Amisiri a ku Mitundu ndi Nathenje anaphunzira msanga kuti chinthu chokwera mtengo pa ngolo ndi ekiselo ndi mawilo, ndipo kuti zimenezi zimapezeka pa galimoto iliyonse yakufa. Land Rover kapena pikapu imene injini yake yatheratu inkapereka ekiselo, malimu ndi matayala. Wowotcherera ankadula, n'kulumikiza zitsulo za pansi ndi mtanda wokokera; kalipentala n'kukhoma bokosi. Mpaka lero boma la Lilongwe ndi limodzi mwa madera amene ali ndi ngolo zambiri m'dziko muno, ndipo pansi pa zambiri mwa izo pali mafupa a galimoto.

Ngolo inaphunzitsa m'badwo wonse wa amisiri kuti chitsulo cha galimoto chikhoza kudulidwa, kulumikizidwa ndi kupatsidwa ntchito ina. Manja omwewo ndi amene anadzalandira mapikapu.

M'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Kamuzu Banda linalamula amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi akakhale m'mizinda ikuluikulu. Anapita ndi masitolo awo, malole awonso. Msewu wa Lilongwe kupita ku Zomba unali utathiridwa phula, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo anthu ofuna kuyenda anachuluka kuposa mipando ya UTM. Mpatawo unadzazidwa ndi eni magolosale, eni maesiteti ndi opuma pa ntchito amene anali ndi Peugeot 404, Datsun, Toyota Stout kapena Land Rover. Ankamanga zitsulo zopinda pamwamba pa bodi, kuponyapo tenti, ndi kuika mabenchi awiri a matabwa m'mbali. Awa ndiwo matola.

Lamulo silinkawadziwa, koma aliyense ankawakwera. Poyandikira rodibuloko, dalaivala ankaima n'kulangiza anthu ake: "Akafunsa, muziti tonse ndife pachibale, tikupita ku zovuta." Mawuwa akumvekabe mpaka pano, chifukwa kunyamula abale n'kololedwa pamene kulipiritsa anthu popanda chilolezo ndi mlandu.

Chigumula cha 1994

Zinthu zitatu zinagundana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Choyamba, kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha. Makalabu a alimi anabadwa m'midzi yonse ya kummwera kwa Lilongwe, ndipo belo lililonse, lolemera makilogalamu pafupifupi 100, linkafuna galimoto yolifikitsa ku okushoni ya ku Kanengo. Chachiwiri, malamulo a malonda anamasuka. Kwacha inasiyidwa kuti izidzipezera yokha mphamvu mu February 1994, Bakili Muluzi anapambana chisankho mu May chaka chomwecho, ndipo galimoto zogwirapo kale ntchito za ku Japan zinayamba kusefukira kudzera ku Durban, Dubai ndi Dar es Salaam. Chachitatu, kampani ya mabasi inayamba kufooka. UTM inagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland mu 1989, mu 1997 inasanduka Shire Bus Lines, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi inagweratu.

Mfumu ya nyengo yatsopanoyi inali Toyota Hiace. Koma si Hiace iliyonse inali minibasi pochoka ku Japan. Zambiri zinali zonyamula katundu wa m'masitolo, zopanda mipando kumbuyo, zina zopanda ndi mawindo omwe. Zikafika ku Lilongwe zinkalowa m'magalaja a ku Biwi, Mchesi ndi Kawale. Amisiri ankaboola mawindo, n'kuwotcherera mafelemu a mipando, kuika siponji ndi chikopa cha pulasitiki, n'kuzimangira pansi ndi mabawuti. Pamene panayenera kukhala mizere itatu ankapanikizapo inayi, ndipo kumbuyo kwa dalaivala, pamwamba pa injini, kondakitala ankakhazikapo enanso oyang'ana kumbuyo, mawondo atalukana ndi a anzawo.

Pa mzere uliwonse ankakhala anayi. Boma litalamula kuti azikhala atatu, eni maminibasi kudzera m'bungwe lawo la Minibus Owners Association of Malawi anadandaula kuti phindu lithawa, ndipo mkanganowu wakhala ukubwerera nthawi iliyonse mafuta akakwera mtengo. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, chiwerengerocho chinatsitsidwa kwa kanthawi n'kufika pa awiri. Pa siteji ya ku Mitundu, makamaka tsiku la msika, oitanira ali ndi masamu awoawo: "Malo alipo, amayi. Sunthani pang'ono abambo, tithinane, tonse ndi apaulendo."

Mayiko ena a mu Africa anakumana ndi nkhani yomweyi. Ku Kenya, nduna ya zamtengatenga John Michuki inakhwimitsa malamulo mu 2004: matatu ang'onoang'ono azinyamula anthu 14, mpando uliwonse ukhale ndi lamba, ndipo galimoto iikidwe chipangizo choiletsa kupitirira makilomita 80 pa ola. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakwera mateksi tsiku ndi tsiku, ofesi ya Public Protector inatulutsa lipoti mu 2019 lokhudza ma Toyota Quantum oposa 2,000 amene anapangidwira katundu koma anasandutsidwa mateksi mosatsata lamulo. Nkhawa yaikulu inali yakuti pansi pa galimoto ya katundu sipanalimbitsidwe kuti pagwire mipando ndi malamba. Galimoto ikagubuduzika, mipando imazuka pamodzi ndi anthu ake.

Pansi pa mtengo wa makaniko

Ntchito yotchuka kwambiri m'magalaja a ku Mitundu ndi Nathenje ndi yowonjezera masipuling'i. Pikapu imakwezedwa pa jeke, pansi n'kuikapo zipika. Mnyamata wophunzira ntchito amagona pa thumba n'kumasula mabawuti opinda amene amagwira masipuling'i ku ekiselo. Bwana wake amasankha chitsulo pa mulu wa zakale, mwina chochokera ku Canter kapena Dyna, amachidula ndi galainda kuti chifanane ndi zinzake, amachiboola pakati, n'kuchimenya ndi hamala pa chidutswa cha njanji mpaka chipinde bwino. Akachilowetsa pakati pa zinazo amamanga ndi bawuti yaitali. Galimoto ikatsitsidwa, kumbuyo kumaima monyada. Mwini wake amakwera, n'kudumphadumpha pa bodi, ndipo ikapanda kutitimira amati, "Apa nde yakhwima."

Imakhwimadi, koma mbali imodzi. Sipuling'i yowonjezera imaletsa bodi kukhudza matayala. Siisintha ekiselo, mabeling'i, mabuleki kapena chesesi, zimene zinayezedwa ku fakitale kuti zisenze kulemera kolembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pa chitseko kapena pafupi ndi injini. Pikapu ya tani imodzi ikanyamula anthu 20 olemera makilogalamu 60 aliyense yafika kale pa makilogalamu 1,200, matumba a chimanga a makilogalamu 50 asanakwere. Kale kutitimira kwa kumbuyo kunkachenjeza dalaivala kuti katundu wakwana. Chenjezo limenelo ndi limene lachotsedwa.

Matayala nawo ali ndi malire awo olembedwa m'mbali. Tayala lokhala ndi nambala 91 limasenza makilogalamu 615, la 100 limasenza 800, la 106 limasenza 950. Matayala a kaunjika amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu kawirikawiri amakhala a galimoto zing'onozing'ono, ndipo wogula amayang'ana mapanga ndi mtengo, osati nambalayo. Tayala lolemedwa limatentha, ndipo m'mwezi wa October pa phula la M1 silichedwa kuphulika.

Zitsulo zazitali za m'mbali ndi kaliyala wa padenga zimakweza katundu m'mwamba, choncho galimoto imapendekeka msanga pokhota. Palinso ntchito ina yofuna mtima: kudula chesesi ya lole ya matani awiri kapena atatu n'kuitalikitsa kuti mabelo achuluke. Mmisiri wodziwa amadula mopendeketsa n'kulimbitsa ndi chitsulo china mkati. Wongophunzira amalumikiza molunjika, ndipo mng'alu umayambira pomwepo.

Achinyamata a m'tauni amasinthanso galimoto zawo, koma pofuna kutchena: malimu onyezimira, magalasi akuda, masipika odzaza buti, nyali zothobwa m'maso ndi ekizozi yaphokoso. Ku Mitundu cholinga ndi ndalama ya ulendo. Pamaso pa kampani ya inshuwalansi, awiriwa ali pa mlandu umodzi ngati sananene.

Zimene pepala limafuna

Lamulo lalikulu la pamsewu m'dziko muno ndi Road Traffic Act la 1997, limene linalowa m'malo mwa lakale la m'zaka za m'ma 1960. Limafuna kuti galimoto ilembetsedwe, ikhale ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino, chimene aliyense amangoti COF, ndipo ngati ikunyamula anthu kapena katundu molipiritsa ikhale ndi chilolezo cha ntchitoyo. Galimoto yotere imadziwika ndi nambala yofiira, imayezedwa pafupipafupi kuposa ya munthu payekha, ndipo dalaivala wake amafunika chiphaso chapadera. Munthu akasintha injini, mtundu, bodi kapena chiwerengero cha mipando ayenera kukauza a Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti ayeze galimotoyo ndi kukonza zolembedwa. Zonsezi zimasungidwa mu kompyuta ya MalTIS.

Lamulo silikana kusintha galimoto. Limakana kusintha mobisa.

Gawo 141 la lamulo lomweli limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene galimotoyo ingavulaze kapena kupha. Ganizoli linachokera ku Britain, kumene linakhala lamulo mu 1930. Koma muzu wa mikangano ya lero ndi wakale kuposa galimoto. Mu 1766, pa mlandu wa Carter ndi Boehm, wokhudza linga la Fort Marlborough pa chilumba cha Sumatra limene linalandidwa ndi Afalansa, woweruza Lord Mansfield anafotokoza kuti wogula inshuwalansi ndiye amadziwa zoona za chinthu chake, choncho ayenera kuulula zonse zimene zingasinthe maganizo a kampani. Malamulo a ku England analowa m'dziko lino kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902, ndipo mfundo imeneyi inabwera nawo. Kampani ya NICO itakhazikitsidwa mu 1971, ndi ena onse amene anabwera pambuyo pake, mafomu awo anamangidwa pa mfundo yomweyo.

Fomuyo imafunsa zinthu zosavuta: galimoto ili ndi mipando ingati, igwira ntchito yanji, inasinthidwapo chiyani. Mtengo umachokera pa mayankhowo. Inshuwalansi ya galimoto yoyendera banja ndi yotsika. Ya galimoto yonyamula anthu olipira ndi yokwera, chifukwa anthu amene angavulale ndi ambiri. Mwini matola amene akuwerengera mafuta, matayala, dalaivala ndi za pamsewu amasankha yotchipayo. Chimene akufuna ndi disiki yomata pa galasi kuti adutse pa rodibuloko.

Ngozi ikachitika, kampani imatumiza woyeza. Iye amawerenga mipando, amayang'ana masipuling'i, amafananitsa nambala ya injini ndi ya mu bulubuku, amawerenganso lipoti la apolisi kuti aone anthu anali angati ndiponso ngati analipira. Akapeza kuti galimoto yolembedwa mipando isanu ndi iwiri inanyamula anthu 12, kapena kuti ya katundu inali ndi mabenchi, kampani imakhala ndi poyambira kukana. Mwini amene anagula inshuwalansi ya comprehensive akhoza kutaya galimoto yonse osalandira kanthu. Kwa ovulala nkhani imapita ku khoti. Gawo 148 limapatsa wovulala ufulu wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, koma ndalama zake sizipitirira malire olembedwa m'panganolo, ndipo zigamulo zambiri za High Court za m'zaka za m'ma 2010 zimatchula malire a K5 miliyoni. Chipukutamisozi chikaposa pamenepo, chotsalacho amafunsidwa mwini galimoto ndi dalaivala, amene nthawi zambiri chuma chawo chonse chinali galimoto yaphwanyikayo.

Mayiko ena anatseka mpata umenewu m'njira zawo. Britain inakhazikitsa Motor Insurers' Bureau mu 1946 kuti izilipira ovulazidwa ndi galimoto zopanda inshuwalansi. South Africa ili ndi Road Accident Fund, imene ndalama zake zimachokera pa lita iliyonse ya mafuta, moti wokwera sadalira disiki ya mwini galimoto. Kumidzi ya kwa Chiseka ndi kwa Chadza, chimene chimafika msanga ndi mwambo. Mwini galimoto amagula bokosi, amapereka ufa, ndiwo ndi galimoto ina yonyamula maliro, amatumiza akuluakulu kukakhala pansi ndi ankhoswe a banja loferedwa pamaso pa nyakwawa, ndipo amapereka chipepeso. Mabanja ambiri amathera pomwepo, ngakhale womwalirayo wasiya ana a sukulu.

Makala, Sienta ndi kabaza

Mzinda wa Lilongwe utakula, Dzalanyama inayamba kutulutsa katundu wina. Njinga ya makala ndi chipangizo chokonzedwa mwaluso: kaliyala wowotchereredwa ndi zitsulo zomangira nyumba, masipoko okhuthala, mitengo iwiri yoimika kumbuyo, ndi matumba atatu kapena anayi omangidwa ndi malegeni mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Pokwera mtunda amaikankha. Potsetsereka buleki ndi chidutswa cha tayala kapena chidendene.

Mitengo inkatha mofulumira moti mu 2015 boma linatumiza asilikali a Malawi Defence Force kukalondera nkhalangoyi, poteteza madzi a madamu a Kamuzu ku Malingunde amene mzinda wonse umamwa. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makhoti akhala akulanda galimoto zogwidwa ndi makala opanda chilolezo. Izi zinabala kusintha kwa mtundu wina: mipando ya kumbuyo kuzulidwa, magalasi kudetsedwa, kuti galimoto yooneka ngati ya banja idutse usiku itadzaza matumba. Galimoto yolandidwa ndi khoti palibe kampani imene imailipira.

M'zaka za m'ma 2010 kunabwera Toyota Sienta. Inayamba kupangidwa mu 2003 ngati galimoto ya banja la ku Japan: injini ya malita 1.5, mipando isanu ndi iwiri, iwiri ya kumbuyo ili yaing'ono. Simwa mafuta ambiri, imadzaza msanga kuposa minibasi, ndipo imalowa m'misewu yafumbi yopita ku Dickson ndi midzi ya m'tsinde mwa mapiri. Amisiri anaipatsa zake: masipuling'i olimba a galimoto ina, timphira tokweza bodi kuti isakhule pansi, ndi chitseko cha kumbuyo chomangidwa ndi chingwe pamwamba pa matumba. Kutsogolo kumakhala anthu atatu, nthawi zina anayi, dalaivala atatsamira chitseko, dzanja likudutsa pa mawondo a munthu posintha giya. Eni maminibasi akhala akudandaula kuti iwo amalipira nambala yofiira, chilolezo ndi inshuwalansi yokwera pamene anzawo ambiri a Sienta akuyenda ndi nambala yachikasu.

Pambuyo pake kunasefukira njinga zamoto. Mzere wa mapiri a Dzalanyama ndiwo malire a Malawi ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo njinga zotchipa za ku China monga Lifo zakhala zikulowa m'dziko muno kudzera m'njira zambiri zosadutsa pa chipata. Njinga yopanda mapepala a bungwe lotolera misonkho la MRA singalembetsedwe, ndipo yosalembetsedwa singagulidwe inshuwalansi. Wowotcherera amaitalikitsa mpando ndi kaliyala kuti pakwere anthu awiri kapena atatu, kapena matumba a feteleza, kapena mbuzi. Madokotala a mafupa ku Kamuzu Central Hospital akhala akunena poyera kuti ovulala pa kabaza adzaza mawodi, ndipo chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chimene chinamangidwa pamalo omwewo, chimalandira ambiri a iwo. Lipoti la World Health Organization la 2015 linaika Malawi pa imfa 35 za pamsewu mwa anthu 100,000 alionse, chimodzi mwa ziwerengero zokwera kwambiri padziko lonse, ndipo apo n'kuti njinga zamoto zisanachuluke ngati lero.

Njira yolunjika ndi mtengo wake

Pali eni galimoto ku Mitundu ndi ku Nathenje amene amatsata njira yonse. Amakonzetsa bodi kapena mipando kwa mmisiri wodziwika, amapita nayo ku Road Traffic mu Lilongwe kuti ikayezedwe, bulubuku imasinthidwa, amatenga nambala yofiira ndi chilolezo, kenako amauza kampani ya inshuwalansi zonse n'kulipira mtengo wokwererapo. Ambiri mwa iwo ndi onyamula fodya, chifukwa makampani ogula fodya ndi mabungwe a alimi salola mabelo awo kukwera galimoto yopanda mapepala. Belo lili ndi mwini wodziwa kufunsa.

Enawo amawerengera mosiyana. Ulendo wa ku tauni ndi masiku osagwira ntchito, mizere ya pa ofesi, madobadoba a pa geti, ndi mantha akuti woyeza akaona chesesi yolumikiza kapena mzere wachinayi wa mipando adzalamula kuti zichotsedwe, pamene phindu lonse lagona pomwepo. Chindapusa cha pamsewu amachiona ngati chotchipa kuposa zonsezo. Apolisi nawonso amadziwa kuti atati agwire matola onse tsiku limodzi, msika wa Mitundu sungachitike, odwala a ku Dickson sangafike ku chipatala, ndipo maliro ochokera ku tauni sangafike kumudzi. Ziletso zonyamula anthu pa malole zimalengezedwa ngozi yaikulu ikachitika, n'kuzilala pakapita miyezi, popeza palibe basi imene imabwera kudzatenga malo a lole.

Wokwera ndiye alibe chonena pa masamu onsewa. Salandira tikiti, sawerenga disiki, ndipo kawirikawiri sadziwa dzina la mwini galimoto. Akavulala, kuti adandaule amafunika nambala ya galimotoyo, lipoti la apolisi, lipoti la dokotala ndi dzina la kampani ya inshuwalansi, ndipo ufulu wosumira kampaniyo mwachindunji umatha pakadutsa zaka ziwiri. Maloya amene amagwira milandu yotere ali mu mzinda, makilomita oposa 30 kuchokera ku Mitundu. Kuti akawapeze, munthu wa ndodo zoyendera amakaima pa siteji yomwe ija, n'kukwera Sienta ina.